Beat imodzi ndagulitsa kwa anthu awiri, tsopano wina akuti ndi yake yekha

Kamwendo_Beats
Akuluakulu ndi anzanga, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimapanga mabeat kuno kwa Kamwendo, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya amalume. Mu Epulo mnyamata wina wa ku Mchinji boma anamva beat yanga pa status ya WhatsApp ndipo anaikonda. Tinagwirizana K20,000, anatumiza pa Airtel Money, ine nkumutumizira MP3. Sitinalembe kanthu. Mu Julayi woimba wina wa ku Chipata anaifunanso beat yomweyo ndipo ndinamupatsa, poti ndimaona pa BeatStars, msika wa mabeat wa pa intaneti, anzathu akunja amagulitsa beat imodzi kwa anthu ambirimbiri. Tsopano woyamba uja anaika nyimbo yake pa Spotify ndi pa YouTube kudzera ku kampani ina yofalitsa nyimbo. Lolemba lapitali vidiyo yanga ya beat pa YouTube yabwera ndi claim, akuti mwini wake ndi iyeyo. Wa ku Chipata nayenso claim yamugwera, ndipo akundiimbira usana ndi usiku kuti ndimubwezere ndalama zake. Woyambayo ndikamuimbira akungoti "ndinagula, ndi yanga." Beat imeneyi ndinapanga ndekha, ndinachezera nayo masiku atatu magetsi akuzimazima. Walakwa ndani apa, ndipo ndichite chiyani?

DJ_Mkanda
Walakwa ndiwe aise. Mbuzi imodzi sagulitsa kwa anthu awiri.

Mbalule265
Beat si mbuzi a DJ. Mbuzi ikapita umatsala ndi chingwe chokha. Beat ukatumiza, fayilo imakhala ikadali mu laputopu mwako.

DJ_Mkanda
Ndiye bwanji sanamuuze mwana wa eni ake kuti agulitsanso kwina? Munthu watulutsa ndalama yoti akanagulira ufa.

Nachisale_KU
Achimwene a Kamwendo_Beats, mtima ukhale m'malo, nkhaniyi ili ndi pogwira. Ntchito yanga kuno ku Kasungu ndi yolembera anthu a mabizinesi ang'onoang'ono mapangano, ndipo mikangano yambiri imene ndimaona imachokera pa liwu limodzi lomweli: kugula.

Kwathu kuno munthu akafuna polima amapita kwa mwini munda nkupereka ndalama ya lendi. Amalima soya wake kapena mtedza, amakolola, amagulitsa, koma mundawo si wake. Sangadule mitengo ya m'malire, sangaugulitse kwa wina. Kugula munda ndi nkhani ina, pamakhala amfumu, mboni ndi pepala, ndipo ndalama zake sizifanana ndi za lendi. Pa mabeat zilinso chimodzimodzi. Chimene pa BeatStars amachitcha lease ndi lendi: woimba amalipira chilolezo chogwiritsa ntchito beat, ndipo malire ake amalembedwa, monga zaka zingati, streams zingati, mavidiyo angati. Exclusive ndi pamene mwalonjeza kuti kuyambira lero simudzapatsanso wina aliyense. Ndiye pali kugulitsiratu umwini wonse, kumene kuli ngati kusamuka pamudzi.

Lamulo lathu ndi Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989. Umwini umayamba nthawi yomwe mwapanga chinthucho, simudikira chidindo cha ofesi iliyonse. Malawi ali m'pangano la Berne, la maiko loteteza zopeka, kuyambira 1991, Zambia alinso momwemo, choncho beat yanu ndi yotetezedwa ku Chipata ngati mmene ilili kwa Kamwendo. Ndipo umwini susamuka ndi mawu apakamwa, pamafunika cholembedwa. Popanda pepala, mnyamata wa pa boma uja sangaime nkunena kuti beat yonse ndi yake.

Koma inunso musasangalale msanga. Munalandira ndalama, munamupatsa fayilo mukudziwa kuti akaimbirapo. Chilolezo ali nacho. Mawu ake, mamvekedwe a mawu amene anapeka, ndi mmene anajambulira nyimbo yake ku situdiyo, zimenezo ndi zake. Simungamuuze kuti aichotse. Chimene sichikudziwika ndi kukula kwa chilolezocho, chifukwa inu mumaganiza lendi, iye amaganiza kuti wagula munda.

DJ_Mkanda
Achemwali, fanizo lanu lapunduka mwendo umodzi. Munda umodzi sachititsa lendi anthu awiri chaka chimodzi. Angathe kumenyana ndi makasu.

MlimiWaChamama
Ine za nyimbo sindidziwa, ndili pano chifukwa mwana wanga ndiye amapanga zimenezi. Koma nkhunzi yanga ya ng'ombe imapita m'makola asanu chaka chimodzi. Ana obadwawo ndi a eni makola, nkhunzi ndi yanga. Palibe anakwiyapo, chifukwa aliyense amadziwa kuti yachokera kwa mnzake ndipo ikupita kwa wina.

Nachisale_KU
Bambo a ku Chamama mwandiposa, fanizo lanu ndilo lolondola. Ndipo mawu anu omalizawo ndi amene a DJ akunena: aliyense amadziwa.

Tiya_wa_Kwaya
Mundilole ndilankhule ngati woimba, chifukwa mukuyankhulana ma producer okhaokha. Chaka chatha ndinasunga ndalama ya mtedza miyezi iwiri, ndinapita ku situdiyo ina kuno ku Kasungu, ndinasankha beat, ndinalipira beat ndi kujambula komwe. Nyimbo yanga ya kuyamika Mulungu, imene ndinapeka mayi anga atatuluka m'chipatala. Mu Seputembala ndili pa ukwati ku Santhe, nthawi ya perekaniperekani, ndinamva beat yanga ikuyamba pa sipika. Ndinaimirira mtima ukugunda, kuganiza kuti DJ waika nyimbo yanga. Amene anayamba kuimba ndi mwamuna, ndipo mawu ake ndi oti sindingawalembe pano. Azimayi a mumpingo mwathu amene ndinakhala nawo anatembenuka kundiyang'ana. Ndinakhala pansi nkhope ili m'chitenje.

Nditakafunsa anandiuza kuti "mayi, imene ija inali lease." Liwu limenelo ndinalimva koyamba tsiku lomwelo. Akanandiuza poyamba m'Chichewa kuti beat iyi ena adzaimbiranso, mwina ndikanadikira ndipeze ndalama ya exclusive, mwinanso ndikanavomera. Koma ndikanasankha ndekha. Ndiye achimwene a Kamwendo, musamutenge mnyamatayo ngati wakuba. Mwina ali ngati ine.

Kamwendo_Beats
Mayi Tiya, zandikhudza. Zoona sindinamuuze. Ndinkangoganiza kuti aliyense amadziwa.

WakuMwami
Za claim ndikuyankheni ine, poti ndinakumana nazo kawiri. Si munthu amene wakhala pansi nkukusumirani. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID. Woimba akamaika nyimbo kudzera ku kampani yofalitsa, pamakhala kabokosi kofunsa ngati akufuna kuti nyimboyo ilowe mu Content ID. Ambiri amangochonga poganiza kuti ndi ndalama yowonjezera. Makinawo amatenga kamvekedwe ka nyimboyo nkumasakasaka pa YouTube ponse, ndipo paliponse pamene amva beat yomweyo amaika claim, ngakhale pa vidiyo ya amene anaipanga.

Malamulo a YouTube amafuna kuti woika nyimbo mu Content ID akhale ndi umwini wa iye yekha pa zonse zimene zili m'nyimbomo. Beat ya lease siloledwa, ndipo makampani ngati DistroKid amanena zimenezi poyera. Choncho pa mfundo iyi mnyamatayo ndiye waponda molakwika, kaya amadziwa kaya sadziwa.

Njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi yoti iye mwini alembere kampani yake kuti ichotse nyimboyo mu Content ID. Pa Spotify ikhalabe, palibe chimene ataye. Yachiwiri ndi yoti inu mupange dispute, kutsutsa claim imeneyo, mu YouTube Studio, mbali inayo imapatsidwa masiku 30 kuti iyankhe, ikapanda kuyankha claim imachoka. Koma yambani ndi yoyambayo. Sungani umboni: fayilo ya project, ma stems (kulira kwa chida chilichonse pachokha), tsiku limene munaika vidiyo yanu, uthenga wa Airtel Money, ndi macheza onse a pa WhatsApp. Musafufute ngakhale voice note imodzi.

Kamwendo_Beats
Vidiyo ndinaika mu Malichi, iye asanaimve nkomwe. FLP, fayilo ya project ija, ilipo. Koma FL Studio yanga, pulogalamu imene ndimapangira mabeat, ndi yokhayokha ija timapatsana pa flash. Kodi zimenezo sizindigwetsa?

WakuMwami
Beat ikhalabe yanu, munapeka ndinu. Koma pulogalamu yosagula ndi mlandu wina pawokha, ndipo ndi zovuta kudandaula kuti akuberani inu mukugwiritsa ntchito thukuta la ena. Eni ake ndi a Image-Line a ku Belgium, ndipo ubwino wake ukagula kamodzi ma update onse ndi aulere mpaka kalekale. Ine ndinagula nditagulitsa ma exclusive awiri.

DJ_Mkanda
Kugula ndi madola ati? Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha pa intaneti chakwera ngati ndege.

Mbalule265
Ndiye chifukwa chake ine mtengo ndimaika pawiri. Wa kuno amalipira makwacha pa Mpamba kapena Airtel Money, wa kunja amaona madola. Koma ndili ndi langa funso. Ndinajambula ng'oma pa foni pa chiliza kwa Mkanda, mbalule ikulira bwino kwambiri, ndinaidula nkuika mu beat ya amapiano. Mzungu wina akuifuna exclusive. Zamakolo zilibe mwini eti?

NyakwawaWaSanthe
Mwana wanga, ndani anakuuza kuti zilibe mwini? Ng'oma imene unajambulayo ili ndi munthu amene anaiwamba pamoto, anaika phula, naiimba mpaka manja kutupa. Bwalo lili ndi mfumu yake. Mwambowo unali wa banja limene linataya munthu. Onsewo unawapempha? Ine ndinaimba gitala m'bandi zaka zambiri ndili mnyamata, sindidana ndi zamakono. Ng'oma zathu zikamveka ku Ulaya ndimanyadira. Gule Wamkulu a UNESCO anamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo ndi wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ndiye iwe ukalemba pepala lakuti mzungu yekha ndiye mwini wa kulira kwa mbalule imeneyo, ukugulitsa chimene sunapatsidwe. Pita kwa amfumu, upeze woimba ng'omayo, umuitane ku situdiyo kwako, umulipire, akuimbire kamvekedwe koyenera kumveka kunja kwa bwalo. Iye akudziwa zimene zingatuluke ndi zimene sizingatuluke.

Mbalule265
Ndamva madala. Sindinaganize mpaka pamenepo.

Nachisale_KU
Akuluwa anena zoona ngakhale kumbali ya lamulo. Lamulo lathu limateteza zachikhalidwe, ndipo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, kotero wofuna kuchita nazo malonda amayenera kupeza chilolezo. Funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zopeka, musanasaine ndi mzunguyo.

Ndiwonjezerepo za nyimbo zakale, poti ambiri mumadula magitala a akuluakulu amene anatisiya nkumati ndi zakale, palibe angafunse. Kuno umwini umakhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 atamwalira. Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, werengani nokha, ndi 2037. Ana ndi adzukulu a oimba amenewa alipo. Ndipo palibe lamulo lakuti masekondi asanu kapena khumi ndi aulere, imeneyo ndi mphekesera ya m'masitudiyo. Mukagulitsa beat yokhala ndi sample (kachidutswa ka nyimbo ya wina) yosapempha, vuto mwalipatsira woimba wanu osamuuza.

WakuMwami
Chitsanzo chodziwika ndi Old Town Road. Lil Nas X anagula beat imeneyo pa BeatStars ndi madola 30 okha mu 2018, kwa mnyamata wa ku Netherlands wotchedwa YoungKio. Nyimboyo inakhala pa nambala 1 ku America masabata 19 mu 2019. Koma mu beat munali sample ya gulu la Nine Inch Nails, ndipo mapeto ake Trent Reznor ndi Atticus Ross analembedwa ngati opeka nawo. Muone zinthu ziwiri. Sample imakutsata nyimbo ikatchuka. Komanso dzina la YoungKio silinafufutike, ali pa mndandanda wa opeka, ndipo ndalama yeniyeni ili pamenepo, osati pa madola 30 aja.

DJ_Mkanda
Za ku America zimenezo. Kuno fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipatse K50,000 lero, za maroyalty usunge wekha.

Chisomo_Keys
A DJ, ine sindikuvomerezani. Ndimaimba kiyibodi ndi kupanga mabeat a gospel ku Nkhamenya. Ndinalowa COSOMA zaka zinayi zapitazo, ofesi yawo ili ku Lilongwe, ndipo bungweli lilipo kuyambira 1992. Ntchito yawo ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi ndi malo achisangalalo, nkugawira eni ake. Chimene ma producer ambiri sitidziwa nchakuti wopanga beat ndi wopeka nyimbo, osati kalaliki wa pa kompyuta. Nyimbo ili ndi mbali ziwiri: chopekedwacho, ndiye kuti mawu ndi zoimbira, ndi chojambulidwacho chimene amati master. Pa chopekedwa inu muli ndi gawo. Koma woimba akapita yekha kukalembetsa nkulemba dzina lake pa zonse, a COSOMA adziwa bwanji kuti kwa Kamwendo kuli munthu?

Ndiye ine woimba asanatuluke mu situdiyo timadzaza split sheet. Ndi kapepala kamodzi: dzina la nyimbo, tsiku, mayina enieni a pa chiphaso cha unzika, ndi gawo la aliyense. Nthawi zambiri ndimatenga 50, woimba 50. Akakhala awiri amagawana 50 yawoyo. Tonse timasaina, aliyense nkujambula pa foni. Sindinalemere nazo, koma chaka china ndalama imeneyo inalipirira mng'ono wanga fizi ya teremu. Kwa woimba wanu wa ku Chipata, kumeneko ntchito yomweyi amagwira a ZAMCOPS, ndiye nayenso mulembe naye.

MlimiWaChamama
Mwana wanga wawerenga izi, akuti mawa agula kope la zimenezi.

Mbalule265
Nanga MRA? Wina anandiopseza kuti ndikayamba kulandira madola adzandipeza.

Nachisale_KU
Musadikire kupezedwa. Kugulitsa mabeat ndi bizinesi ngati okala. Tengani TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA, ndipo ngati mukufuna kuti dzina la situdiyo likhale pa akaunti ya ku banki, lembetsani dzinalo ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi. Tsiku lina kampani kapena bungwe likadzafuna jingle lidzakufunsani TPIN ndi invoice, wopanda zimenezi ntchito imamudutsa. Sungani kope: tsiku, dzina la beat, wogula, ndalama, lease kapena exclusive. Kope lomwelo lidzakuletsani kugulitsa exclusive kawiri mwangozi.

WakuMwami
Ndipo makampani a ku America akakupatsani fomu ya W-8BEN musaithawe, imangonena kuti sindinu a kumeneko. Poti Malawi alibe pangano la misonkho ndi America, pa maroyalty ochokera kumeneko amadula 30 peresenti. Muzidziwiratu kuti musadzaganize kuti akuberani. Chinanso, musanatsegule sitolo pa BeatStars kapena Airbit, yambani mwaona kuti ndalama idzafika bwanji m'manja mwanu kuno. Ine ndinagulitsa kaye nkuyamba kuthamangathamanga pambuyo.

Tiya_wa_Kwaya
Zonsezi nzabwino, koma mapangano a pa intanetiwo ndi a Chingerezi cha maloya. Ife tiwerenga bwanji?

Nachisale_KU
Palibe lamulo lakuti pangano likhale la Chingerezi. Ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta ngati umboni. Pa lease wamba, tumizani uthenga ngati uwu fayilo isanachoke:

"Ine (dzina) ndine mwini wa beat yotchedwa (dzina). Ndikukulolani inu (dzina) kuimbirapo nyimbo imodzi ndi vidiyo imodzi kwa zaka zitatu pa mtengo wa K20,000. Beat ikhalabe yanga ndipo ena angathe kuimbiraponso. Mutha kuika pa wailesi, pa Spotify, Boomplay ndi Audiomack, koma musaike mu Content ID. Dzina langa lilembedwe ngati producer. Pa chopekedwa ine 50, inu 50. Mu beat mulibe sample ya munthu wina. Ngati mwavomera yankhani kuti NDAVOMERA."

Akayankha, jambulani screenshot, kenako landirani ndalama, fayilo ipite pomaliza. Ya pa status ndi pa YouTube izikhala ndi tag yanu, mawu otchula dzina lanu mkati mwa beat. Koma pa exclusive ndi pogulitsiratu umwini, ndikupemphani, pepala lenileni ndi siginecha, ndipo mulembemo kuti amene anatenga lease kale apitiriza mpaka nthawi yawo ithe. Mzere umenewo ambiri amauiwala.

DJ_Mkanda
Chabwino, uwu ndakopera. Koma zaka zitatu zachepa. Nyimbo ya ukwati imavinidwa zaka khumi.

Chisomo_Keys
Ndiye mumuuze producer wanu alembe khumi, muwonjezere ndalama. Zimakambidwa.

Kamwendo_Beats
Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Dzulo ndinakwera kabaza kenako minibasi mpaka pa boma. Tinakumana pa benchi ya telala pafupi ndi depoti, iye anabwera ndi mkulu wake, ine ndinali ndi amalume. Poyamba anali wotentha. Ndinatsegula laputopu pa maondo, ndinamuonetsa project, nkuzimitsa zonse kusiya bass yokha, kenako ndikuyatsa chimodzichimodzi. Anakhala chete. Ndinamupepesa kuti sindinamuuze za lease. Iye anati kabokosi ka Content ID anamuchongera mnzake amene anamuikira nyimbo, sankadziwa ntchito yake.

Amalume ndiwo anamanga mfundo. Wa ku Chipata apitiriza ndi nyimbo yake. Ine sindigulitsanso beat imeneyi kwa munthu wachitatu, ndipo wa pa bomayu awonjezera K30,000 akagulitsa soya. Talemba pa pepala la mu kope la telala, tasaina anthu anayi, ndi split sheet yomwe. Imelo yopita ku kampani yake tinalembera limodzi pomwepo ndi bandulo yanga. Claim ikadalipo mpaka pano, ndikumayang'ana m'mawa uliwonse.

WakuMwami
Imatenga masiku angapo. Likafika Lachisanu isanachoke pangani dispute, mufotokozemo za pepalalo.

Tiya_wa_Kwaya
Achimwene a Kamwendo, muli ndi beat ya gospel yodekha, yokhala ndi gitala, imene simunapatsepo munthu? Ndikufuna exclusive. Mundiuze mtengo, ndipo pepala tilembe m'Chichewa.

Kamwendo_Beats
Ilipo imodzi mayi, sinatulukepo ngakhale pa status. Ndikutumizirani yokhala ndi tag madzulo ano magetsi akayaka.